Phunziro la Nsikidzi Lomwe Linasowa Wolitsegulira

Mu Ufumu wa Tiombem'manja chinthu sichiyamba kugwira ntchito chisanatseguliridwe. Mjigo ukhoza kukumbidwa lero, madzi n'kumatuluka oyera mbee, koma amayi apitirizabe kutunga kudambo mpaka tsiku limene nduna idzabwere ndi sizasi kudzadula riboni. Mlatho wa pa mtsinje wa Dikirani unakhala zaka uli chiimire, anthu akuwolokera pansi pake atapinda mathalauza, chifukwa mlendo wolemekezeka anali asanapeze mpata. Eni dzikolo sadandaula. Amati madzi otseguliridwa amakoma mwina.

Kumalire kwenikweni kwa ufumuwo, komwe basi imatembenukira poti msewu watha, kuli sukulu ya atsikana yogonera komweko yotchedwa Kumathero. Kumeneko n'komwe ankaphunzitsa Esinta Mwachande, mphunzitsi wa sayansi, mayi wamfupi koma wa mawu aakulu. Akuluakulu a maphunziro anali atatopa kumuopseza kuti amusamutsira kutali, chifukwa kutali kunali komweko.

Chomwe chinkamudya mtima Esinta chinali tulo ta ana ake. Akangotembenuka kuti alembe pabolodi, mitu inkayamba kugwa pamadesiki umodziumodzi. Poyamba ankayesa ulesi, ndipo ankakalipa mpaka mawu kusasa. Tsiku lina anagwira mkono wa mtsikana wina kuti amudzutse, n'kuona totupa tofiira tandandalika kuchokera pachigongono mpaka paphewa. Anawo sankagona usiku. Nsikidzi zinali zitalanda hositelo.

Esinta anatsogolera nkhondo. Matiresi anatulutsidwa padzuwa, madzi owira anathiridwa m'ming'alu ya mabedi, makoma anamatidwa, ndipo nsikidzi zinatha. Koma teremu ina ikangoyamba zinkabweranso m'zikwama za atsikanawo, kuchokera m'makomo mwawo ndi m'mabasi, zili zonenepa ngati nazonso zinali patchuthi. Apa m'pomwe anazindikira kuti ofunika kuphunzitsidwa anali makolo. Anatenga foni yake yong'aluka galasi n'kujambula phunziro: mmene nsikidzi imaonekera, komwe imabisa mazira, ndi zoyenera kuchita ndi chikwama mwana asanakwere basi. Cholinga chinali choti pa tchuthi mtsikana aliyense apite nalo kwawo, makolo aonere, agawireko anansi. Phunzirolo linayambadi kuyenda lokha, foni kupatsira foni inzake.

Zinthu zinasintha pamene Mfumu Ndaonekera Wachiwiri inabwerako ku msonkhano wa mafumu kunja. Kumeneko inamva anzake akudzitama kuti ali ndi kaundula wa maphunziro a pa intaneti, ndipo iyo inangogwedeza mutu ngati nayonso ili naye, mumtima ikupsa ndi nsanje. Itangotsika ndege inalamula kuti Tiombem'manja akhale ndi kaundula woposa onse. Lamulolo linawerengedwa pa wailesi, ng'oma zikulira kumbuyo: phunziro lililonse la pa foni kapena pa kompyuta lilembedwe mu Kaundula wa Mfumu. Lopezeka kunja kwa kaundula pofika tsiku lotsekera sukulu lidzafufutidwa ndi apolisi pa marodibuloko onse, ndipo wogawira mnzake phunziro lotere adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala.

Esinta anasangalala, mayi wosalakwa. Anaganiza kuti kaundulayo afikitsa phunziro lake ngakhale kumene iye sakanafika. Anamanga foni pansonga ya chitenje n'kukwera basi yopita ku Pamthunzi, likulu la ufumuwo.

Ofesi ya kaundula anaipeza mosavuta, poti pakhomo pake panali pakulendewerabe zidutswa za riboni. Mkati munali a Chidindo, mlembi wamkulu, bambo woonda wa nkhope yachisoni, atakhala kuseri kwa kompyuta yaikulu.

"Phunziro lanu ndi la chiyani, amayi?" anafunsa a Chidindo.

"La nsikidzi, bwana."

A Chidindo anasunthira mpando wawo kumbuyo pang'ono. "Analitsegulira ndani?"

"Silivuta, bwana. Mukangodina apa limayamba lokha."

"Ayi amayi, ndikunena mwambo. Nduna, riboni, kwaya, zoyankhulayankhula. Phunziro losatseguliridwa silingalowe muno."

Esinta anawayang'ana ngati akuseka, koma bamboyo sankaseka. A Chidindo anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kukhomo ngati kuli womvetsera, kenako anatsitsa mawu.

"Ine ndinakonza chinthu chabwino, amayi. Kaundula sasunga phunziro ayi. Amangokuuzani kuti lilipo, ndi la nkhani yanji, la kalasi yanji, la chiyankhulo chanji, analikonza ndani, ndipo mungalipeze kuti. Ali ngati woitanira wa pa depoti, amene alibe minibasi koma amadziwa komwe iliyonse ikupita. Ndinapita naye ku bwalo la nduna. Anamuyang'ana uku ndi uku n'kupeza kuti mulibe dzina la munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe. Anati ndi mwano. Zonse zija anachotsa. Panopa timalemba dzina la wotsegulira, udindo wake, gule amene anavinidwa, ndiponso ngati anthu anaomba m'manja mokwanira. Nduna iliyonse ili ndi mtolo wake wa maphunziro, ndipo mtolowo umadziwika ndi dzina la mwini wake."

"Nanga mwana wofuna phunziro la mapapo alipeza bwanji?"

"Ayenera kudziwa kuti mapapo anawatsegulira a Nduna ya Misewu."

"Akapanda kudziwa?"

"Ndiye kuti sakonda dziko lake," anatero a Chidindo, maso ali pansi. "Si mawu anga amenewo, ndi a bwalo. Kapezeni nduna, amayi. Iliyonse."

Esinta anatuluka mutu utaima. Analunjika ku msika wa Tsitsaniko kwa a Lufeyo Kapalamula, mnzake wa malemu mwamuna wake. Bamboyu anali ndi kashopu pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa nsapato za kaunjika, ndipo ntchito yawo inali yoberna, kutanthauza kuikira anthu nyimbo, mafilimu ndi maphunziro m'mamemori khadi. Anawapeza akutumikira mayi wina.

"Mundiikire a Zamisewu awiri ndi a Zansomba mmodzi," ankatero mayiyo. "Koma a Zansomba a dzana aja anali olakwika. Mwana amafuna Chingelezi, inu mwamuikira za nyenyezi."

"A Zansomba alipo ambiri, mayi. Mukufuna omwe anavala suti yakuda kapena omwe kunavinidwa chimtali?"

Mayiyo atachoka, Esinta anafotokoza zomwe zinamubweretsa. A Lufeyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, mwalemba m'madzi. Simunamve za a Nduna ya Zaulimi? Masiku oyambirira ankangotsegulira chilichonse osafunsa. Tsiku lina anadula riboni, kwaya inaimba, kanema n'kuyamba: phunziro la kathenedwe ka nkhumba. Kuyambira pamenepo msika wonse umawatcha a Mthenankhumba. Galimoto yawo ikamadutsa ana amalira ngati tiana ta nkhumba. Ndiye masiku ano nduna imayamba yafunsa. Mfumu inatenga phunziro la dzuwa, la mkango ndi la kuchulukitsa. Nduna zimalimbirana golide, mapiri ndi ziwombankhanga. La masamu ochotsera a Nduna ya Chuma analithawa ngati moto, mpaka pano lilibe mwini."

"N'chifukwa chake mwana wanga sabweza chenji," analowerera mayi wogulitsa tomato. "Akuti kuchotsera sikunatseguliridwe."

"Ndiye inu mukufuna munthu wamkulu, wa mimba yake ndi galimoto yake, azitchedwa a Nsikidzi?" anapitiriza a Lufeyo. "Ena mwa iwo dzinalo lingawakhale ngati suti yosokedwa ndi telala, komatu n'chifukwa chake sangalivomere."

Esinta sanali munthu wobwerera panjira. M'mawa mwake anayamba kulondola lole ya masofa. Mu Tiombem'manja munthu wamkulu sakhala pa mpando wamba, choncho panali masofa ofiira aufumu omwe ankanyamulidwa pa lole kuchoka pa mwambo uwu kupita pa mwambo uwo. Komwe masofa atsitsidwa, nduna zili panjira. Ndipo miyambo inali yosatha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Foni inkaikidwa patebulo itamangidwa riboni, kwaya n'kuimba, olemekezeka n'kupatsana ulemu mmodzimmodzi, moti phunziro lalifupi ngati nyimbo imodzi linkatseguliridwa tsiku lathunthu.

Anayamba ndi a Ndinakhoza, Nduna ya Maphunziro. Anawagwadira pafupi ndi galimoto yawo n'kunena pempho lake.

"Nkhani yabwino kwambiri, aphunzitsi," anatero a Ndinakhoza akutseka chitseko. "Koma nsikidzi ndi za a Zaumoyo."

A Sindidwala, Nduna ya Zaumoyo, anamvetsera mwachifundo. "Nsikidzi si matenda, mayi. Ndi nyama. Pitani kwa a Zanyama."

A Zanyama anati nyama zawo zimakhala m'tchire, za m'nyumba ndi za a Zanyumba. A Zanyumba anati iwo amaona za makoma ndi madenga, zoyenda ndi miyendo ndi za a Zamtengatenga. Pomaliza Esinta anafika kwa a Mtsegulazonse, Nduna ya Miyambo ndi Maliboni, mwini sizasi yagolide, amene ankadziwa malamulo onse pamtima.

"Mayi, mukutaya nthawi yanu," anatero a Mtsegulazonse mokoma mtima. "Mu ufumu uno mulibe nsikidzi."

"Zilipo bwana, ndaziona ndi maso angawa."

"Zingakhalepo bwanji? Anazitsegulira ndani?"

Apa Esinta mphamvu zinamuthera. Anakakhala pamthunzi wa lole ija, mapazi atatupa, misozi ili m'maso. Tsiku lotsekera sukulu linali litayandikira, ndipo ankaona m'maganizo atsikana ake akukwera basi manja ali lende, kenako n'kubwerera ndi zikwama zodzaza adani. Zinamupweteka kwambiri, makamaka poganiza kuti anasiya kalasi yake kudzagwadira anthu omwe sanafune ngakhale kuliona phunzirolo.

Ali chikhalire choncho, amuna onyamula masofa anayamba kukweza katundu wawo. Sofa ina inadutsa pafupi ndi nkhope yake, ndipo mphuno yake inagwira kafungo komwe ankakadziwa bwino. Anadzuka n'kusuzumira mumsoko. Timadontho takuda tinali ndandanda, ndipo kena kofiirira kanathawira mkati.

"Achimwene, masofawa amagona kuti?" anafunsa.

"Paliponse pomwe lole yatifera, mayi," anayankha mmodzi akukanda m'khosi. "Mwezi watha anagona mu hositelo ya anyamata ku Chilumeni."

Pa mwambo wotsatira Esinta anaima kumbuyo n'kumangoonerera olemekezeka. A Ndinakhoza ankasunthasuntha ngati akhalira mbaula. A Sindidwala ankakhulitsa msana pa sofa mochenjera, nkhope ili yaulemu. Ndipo a Mtsegulazonse ali mkati moyankhula anadzimenya pakhosi, phwa! Anthu anadabwa. Koma bamboyo sanatchedwe nduna pachabe. Analengeza pomwepo kuti kumeneko ndiko kuomba m'manja kwatsopano kwa olemekezeka, koombera pathupi posonyeza kuti chimwemwe chalowa mkati. Nduna zonse zinalandira mwambowo ndi manja awiri, ndipo zinaomba pakhosi, pantchafu ndi kumsana mwakhama lomwe anthu anali asanalionepo. Paja akuluakulu amati nsikidzi zinachilira kwa alendo, nanga kuli bwanji kwa alendo olemekezeka.

Pofika madzulo msika wonse wa Tsitsaniko unali ukupatsana moni podzimenya pakhosi.

Sabata yomweyo apolisi anayamba kuyeserera ntchito yofufuta, kuti tsiku lenileni lisadzawapeze osakonzeka. Anayeserera bwino kwambiri moti kompyuta ya a Lufeyo inatsala mbee, ndipo phunziro la nsikidzi linazimiririka m'mafoni onse a mu Pamthunzi. Foni ya Esinta yokha ndiyo inapulumuka. Wapolisi anaiyang'ana, n'kuona galasi long'aluka ndi labala yomangira batire, n'kumubwezera akumupepesa.

Kenako kushopu kwa a Lufeyo kunayamba kufika alendo achilendo. Oyamba anali madalaivala a nduna, omwe ankaima kaye pa tomato ngati akugula, kenako n'kunong'ona. "Akuti kuli kaphunziro kena ka tizilombo. Si ine ndikufuna, ndi munthu wina." Madalaivala atalephera kunabwera akazi a nduna, atavala magalasi akuda ndi mipango yophimba makutu. Nsikidzi zinali zitachoka m'masofa kulowa m'masuti, kuchoka m'masuti kulowa m'magalimoto, mpaka kuchipinda. Mankhwala opopera zinkangowamwa ngati thobwa.

"Alamu, mwayi suposa apa," anatero a Lufeyo maso akuwala. "Tiwaikire mwakachetechete. Aliyense apereka chomwe tinganene."

"Ayi alamu. Ndikawapatsa kuseri, iwo agona tulo, phunziro n'kukhalabe kunja kwa kaundula. Ana anga apita kwawo opanda kanthu."

"Nanga akapanda kugonja? Sukulu zikutsekera Lachisanu likubwerali."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero Esinta. Anayankhula molimba, koma mumtima munali mantha okhaokha. Kwa mkazi wa nduna aliyense ankayankha mwaulemu, manja ali pamodzi: "Pepani amayi, lamulo la Mfumu likuletsa. Ine ndine munthu womvera."

Lachinayi m'mawa kunabwera asilikali awiri kudzamutenga. Anthu a mumsika anamuperekeza ndi maso, ndipo mayi wa tomato anamulonjeza kuti azikamuona kundende.

M'bwalo lalikulu la kunyumba yachifumu Esinta anapeza zodabwitsa. Mfumu Ndaonekera inali chiimire pambali pa mpando wake. Inali itatha masiku osakhala pansi, ndipo wailesi inali italengeza kale kuti Mfumu yaima chifukwa choganizira anthu ake. Poti Mfumu yaima, nduna nazo zinaima, ndipo zinkaoneka zothokoza. Pakona panali a Chidindo ndi kompyuta yawo.

"Mayi," inayamba Mfumu, "tamva kuti muli ndi phunziro lokhudza alendo ena. Alendo ang'onoang'ono. Oyenda usiku."

"La nsikidzi, Mwinidziko."

Mawu amenewo anali asanatchulidwepo m'nyumbayo. A Mtsegulazonse anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anangodzimenya kuseri kwa khutu.

"Tionetseni," inatero Mfumu.

Esinta anagwada. "Mwinidziko, ndikanakonda. Koma lamulo lanu lomwe likuti wogawa phunziro losalembedwa mu kaundula aone chomwe chinameta nkhanga mpala. Ndingathyole bwanji lamulo lanu pamaso panu?"

Mfumu inadzikanda kumsana. Kuyabwa kunali kukuiuza china, ulemu ukuiuza china. Inali isanaonepo munthu womvera lamulo lake chotere, ndipo zinaikhudza mtima.

"Mayiyu akunena zoona," inatero. "Lamulo ndi lamulo. Mmodzi wa inu atsegulire phunziroli lero lomwe. Ndani?"

Nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati zaziona koyamba. A Ndinakhoza anati dzanja lawo lodulira riboni labinya. A Sindidwala anati kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo akumva ngati adwala. A Nduna ya Zaulimi anapita patsogolo, nkhope ili yowawa.

"Mwinidziko, ine langa ndinasenza kale. Ngakhale adzukulu anga amanditcha agogo a nkhumba. Wina asenzeko."

Wina kumbuyo anayerekeza kunena kuti ulemu waukulu chotere uyenera Mfumu yokha. Mfumu inamuyang'ana kamodzi, ndipo munthuyo anakumbukira kuti ali ndi chifuwa. Olemekezeka anakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ena anati phunzirolo lisinthidwe dzina likhale la agulugufe, koma Esinta anati agulugufe saikira mazira m'matiresi. Ena anati aitane nduna ya dziko loyandikana nalo, koma anaopa nkhondo.

Pomaliza a Mtsegulazonse anakweza sizasi yawo m'mwamba. "Mwinidziko, lamulo likuti wotsegulira akhale nduna. Silikunena kuti akhale nduna kwa nthawi yaitali bwanji. Bwanji mayi yemweyu timuveke unduna, adule riboni, dzinalo lipite kwa iye?"

Bwalo linaphulika ndi chimwemwe. Anaomba m'manja mwa kale ndi mwatsopano momwe.

Esinta yekha ndiye sanaombe. Anadziwa tanthauzo lake. Anali mayi wa ulemu wake, mtsogoleri wa kwaya ya amayi kutchalitchi, ndipo mwana wake wamkazi anali pafupi kulowa m'banja. Anamva kale m'makutu mwake akuchimuna akunong'onezana kuti akukatenga mwana wa a Nsikidzi. Dzina la mumsika silichapika, limakuperekeza mpaka kumanda. Manyazi anamugwira, ndipo pang'ono akanakana. Koma anakumbukira mkono uja wa totupa tofiira, ndi mitu ija ikugwa pamadesiki.

"Ndavomera, Mwinidziko," anatero. "Koma ndipemphe chimodzi. Pa mwambowo ndisakhale pa sofa."

"Kudzichepetsa kotere!" inatero Mfumu, ikupukuta msozi. "Nduna zanga, phunzirani."

Mwambo unachitika masana omwewo pabwalo la panja, ndipo unali waufupi kuposa yonse m'mbiri ya ufumuwo, poti aliyense ankafuna kuonera kanemayo. Mfumu inalengeza kuti Esinta Mwachande ndi Nduna ya Nsikidzi. Anamupatsa sizasi yagolide, foni yong'aluka ija itamangidwa riboni patebulo. Anadula. Sizasi isanabwerere m'thumba mwa mwini wake, a Mtsegulazonse analengeza kuti Mfumu yathokoza a Nduna ya Nsikidzi chifukwa cha ntchito yawo yotamandika ndipo yawapumitsa. Galimoto ya unduna Esinta sanaione, ngakhale botolo la madzi la olemekezeka silinamufike.

Olemekezeka anaunjikana pa kafoniko, mitu ikugundana, kumvetsera mawu aakulu a Esinta akufotokoza za mazira a m'misoko. Ali mkati moonera kunamveka mfuu kuchokera pakona. Anali a Chidindo. Anali atalemba phunzirolo mu kaundula pansi pa dzina la wolitsegulira, monga mwa lamulo, kenako n'kuyesa kulifufuza.

"Mwinidziko! Ndalemba kuti nsikidzi, ndipo kwabwera phunziro la nsikidzi!"

"Ndiye chodabwitsa n'chiyani?"

"Sizinachitikepo, Mwinidziko. Chiyambire kaundulayu, aka n'koyamba munthu kufuna chinthu n'kupeza chomwecho." Bamboyo ankalira ngati mwana.

Mfumu inaganiza pang'ono, kenako inakumbukira kuti zimenezi n'zomwe inkafuna kuyambira pachiyambi. Inalamula kuti phunziro lililonse lamasiye, lomwe nduna zikulithawa, mphunzitsi wake azivekedwa unduna wa phunzirolo kwa nthawi yodulira riboni. Sabata yotsatira mzere wa aphunzitsi unafika mpaka kumsika. Kunatuluka Nduna ya Kuchotsera, Nduna ya Likodzo, Nduna ya Zimbudzi ndi Nduna ya Chiperoni, aliyense akulowa ndi choko m'thumba n'kutuluka ali nduna yopuma. Mbali imeneyo ya kaundula inayamba kugwira ntchito bwino lomwe, moti a Chidindo ananenepako. Mbali ya olemekezeka inakhala momwemo, ndipo mpaka lero wofuna mapapo amafunsa a Zamisewu. Masofa aufumu nawo anatulutsidwa padzuwa n'kuthiridwa madzi owira, ngakhale kuti madziwo anayamba azizira kawiri podikira kuti ketulo itseguliridwe.

Esinta sanaone zonsezi. Lachisanu m'mawa anali kale pa geti ya Kumathero, kuonetsetsa kuti mtsikana aliyense akudziwa mawu oti akalembe mu kaundula akafika kwawo. Dzina lija linali litafika iye asanafike. Kondakitala wa basi anamuitana nalo, amayi a kwaya analiyesa kaye chapansipansi kenako mokweza, ndipo akuchimuna anatumiza uthenga wofunsa ngati ukwati wa mwana wa nduna yopuma udzakhale ndi masofa. Anawayankha kuti aliyense adzabwere ndi mpando wake.

Tsiku lotsegulira teremu anaimanso pa geti pomwepo, mtima uli m'mwamba. Basi inatsitsa atsikana ndi zikwama zawo. Mayi wina wachilendo, amene anaperekeza mwana wake kuchokera kutsidya la mtsinje wa Dikirani, anamuyandikira akumuyang'anitsitsa.

"Pepani amayi, kodi a Nsikidzi aja ndinu?"

"Ndine."

"Mawu ndawazindikira. Chikwamachi chakhala padzuwa sabata yonse, zovala ndinaziviika m'madzi owira monga munanenera. Mudzi wathu wonse unaonera pa foni ya abusa. Tikugona, amayi. Amuna anga ayambanso kuliza mkonono, moti ena akuti bola nsikidzi zija."

Patapita masabata angapo, Esinta anatembenuka kuti alembe pabolodi, ndipo mwachizolowezi anatchera khutu kudikira kugwa kwa mitu. Kumbuyo kwake kunabuka phokoso. Wina ankaseka, wina ankalimbirana rula ndi mnzake, ena atatu ankafunsa mafunso nthawi imodzi, ndipo wina kumbuyo ankayeserera kuomba m'manja kwa pakhosi. Anatembenuka, choko chili m'manja, n'kuwayang'ana onse, maso awo ali gwa. Anali ataiwala kuti ana ogona bwino amasokosa chotere.

"Chete!" anakuwa a Nsikidzi, koma kuseka kunawapambana.